Kodi Mwana Akakamizidwe ndi Lamulo Kukaona Makolo Ake Okalamba?

Pa 1 July 2013 dziko la China linayamba kugwiritsa ntchito lamulo limene linadabwitsa anthu ambiri a kunja. Lamulo lawo loteteza okalamba, lomwe linalipo kuyambira 1996, analiwonjezera ndime yakuti ana amene sakhala khomo limodzi ndi makolo awo okalamba aziwayendera kapena kuwalonjera kawirikawiri, ndiponso kuti mabwana azipereka tchuthi kwa antchito ofuna kukaona makolo. Mwezi womwewo khoti la mumzinda wa Wuxi linaweruza mlandu wa mayi wa zaka 77 amene anasumira mwana wake wamkazi chifukwa chomutaya. Chigamulo chinali chakuti mwanayo azikaona amayi ake kamodzi pa miyezi iwiri iliyonse, kuwonjezera pa masiku ena a tchuthi.

Chimene chinawafikitsa pamenepo n'chodziwika. Kwa zaka zoposa 30, mpaka kumapeto kwa 2015, mabanja ambiri, makamaka a m'mizinda, ankaloledwa kubereka mwana mmodzi yekha. Nthawi yomweyo achinyamata mamiliyoni ambirimbiri anachoka kumidzi kupita kumafakitale, n'kusiya nkhalamba zikuyang'anira nyumba ndi zidzukulu. Kalembera wa 2020 anapeza kuti anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo analipo 264 miliyoni. Ndipo kafukufuku wamkulu wa yunivesite ya Peking wotchedwa CHARLS, amene anafika dziko lonse mu 2011, anasonyeza kuti pa okalamba 10 alionse, pafupifupi 4 anali ndi zizindikiro zambiri za matenda a maganizo, amayi kuposa abambo.

Ife a ku Kafue, kuno ku Zambia, anthu a ku China sitimangowamvera pa wailesi. Tinawaona akudutsa m'tauni muno pa zaka zonse zimene kampani ya Sinohydro inkamanga malo opangira magetsi a Kafue Gorge Lower, kuchokera mu 2015 kufikira 2023. Mmisiri aliyense wa iwo anali mwana wa munthu, ndipo kwawo kunali wina amene ankawerenga miyezi. N'chimodzimodzi ndi mwana wathu amene ali kumigodi ya ku Solwezi kapena ku Johannesburg. Choncho funso limene a ku China analiyankha ndi lamulo ndi lathunso. Limamveka kwambiri pamaliro, anthu akaona ana akufika ndi magalimoto ndi bokosi lodula pakhomo pamene malemu ankagona ndi njala. Kodi Zambia nayo iike lamulo lokakamiza mwana kusamala ndi kuyendera kholo lake? Nanga lamulo lotere lingachepetse matenda a maganizo amene akudya okalamba athu mwakachetechete?

Tiyambe tagwirizana kuti tikunena matenda anji. Kwathu kuno timangoti "ambuya ali ndi maganizo" kapena "BP yawakwera", n'kusiyira pomwepo. Achipatala amasiyanitsa chisoni cha masiku onse ndi matenda enieni. Munthu akatha milungu iwiri kapena kuposa ali wokhumudwa tsiku ndi tsiku, zimene ankazikonda osazifunanso, tulo osabwera, nsima kungoitsina pamwamba, thupi lolefuka, n'kumadziona kuti akungolemetsa ena, nthawi zina n'kumalakalaka imfa, ameneyo wadwala, ndipo tisamati ndi mmene ukalamba umakhalira. Matendawa amakonda kuyenda limodzi ndi shuga, BP ndi sitiroko, ndipo amakulitsana: wokhumudwa amasiya kumwa mankhwala, thupi n'kufooka, iye n'kukhumudwa koposa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti mwa anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo, pafupifupi 14 pa 100 alionse ali ndi matenda ena a m'maganizo, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi amakhala wosungulumwa kapena wotalikirana ndi anthu. Chofunika kuchigwira n'chakuti matendawa amachizika, ngakhale mwa munthu wa zaka 80.

Okalamba a ku Kafue ali ndi mbiri yawoyawo, ndipo popanda mbiriyo mtsutso uno ungakhale wa m'malere. Tauni ino inakula chifukwa cha mafakitale amene boma la a Kenneth Kaunda linamanga dziko litangolandira ufulu: Nitrogen Chemicals of Zambia yopanga feteleza, imene inayamba ntchito mu 1970, Kafue Textiles yowomba nsalu, ndi ena ang'onoang'ono. Anyamata ndi atsikana anabwera kuchokera ku Chipata, Katete, Petauke, Lundazi, Monze, Kasama, Mongu, nakhala m'nyumba za ku Kafue Estates zimene zinamangidwira antchito. Amene analowa ntchito mu 1972 ali ndi zaka 22, lero anapitirira kale zaka 70.

Iwo ankadziwa dongosolo limodzi: ugwire ntchito, uphunzitse ana, uzitumiza kanthu kumudzi, ukapuma ulandire zako ubwerere kwanu, ana nawonso akusunge. Dongosolo limeneli linadukira panjira. Kuyambira 1991, boma la a Frederick Chiluba litatsegula malonda ndi kuyamba kugulitsa makampani a boma, nsalu zotchipa zakunja ndi salaula zinadzaza m'misika. Fakitale ya nsalu inazilala mpaka makina anasiya kulira, ya feteleza inachepetsa ntchito, ndipo ambiri anachotsedwa asanafike msinkhu wopuma. Ena anadikira ndalama zawo zaka ndi zaka. Zaka zomwezo Edzi inali kutenga ana awo amene anali atangoyamba kumene ntchito ndi mabanja, oti adzawasunge aja, n'kuwasiyira zidzukulu. Kumudzi ambiri sanabwererenso. Ena anali atagula nyumba zimene ankakhalamo pamene boma linayamba kuzigulitsa mu 1996, ndipo munthu amene wakhala kunja zaka 30 akafika kumudzi amapeza munda wa makolo ake unagawidwa kalekale. Ndiwo amene tikuwaona lero ali duu m'makonde a ku Estates, ku Shikoswe, ku Zambia Compound ndi ku Soloboni.

Ofuna lamulo amayambira pa mawu amene palibe angawatsutse pagulu: mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Amakumbutsanso kuti dziko lino linalengezedwa kukhala lachikhristu mu 1991, ndipo kulemekeza makolo ndi limodzi mwa malamulo khumi amene mwana aliyense wa Sande sukulu amaloweza. Koma mfundo yawo yolemera kwambiri amaitenga m'malamulo a dziko omwe alipo kale. Bambo akakana kusamala mwana wake, khoti limamulamula kupereka ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo palibe amene amati boma lalowerera za m'banja. Lamulo la 1989 logawa chuma cha munthu womwalira osasiya wilo limapatsa ana theka la chumacho, mkazi kapena mwamuna wotsala 20 pa 100, makolo a malemu 20 pa 100, ndi ena amene ankadalira malemuwo 10 pa 100. Ndiye amafunsa kuti, ngati lamulo limatsimikizira mwana gawo pa nyumba ya atate ake akamwalira, bwanji silimuuza kanthu pamene atatewo ali moyo ndipo akusowa wowaperekeza kuchipatala? Ndipo ngati lamulo lomwelo limavomereza kuti kholo lili ndi gawo pa chuma cha mwana wakufa, likanirenji kuti lili ndi gawo pa malipiro a mwana wamoyo? Funso limeneli ndi lolemera, ndipo otsutsa amakonda kulilambalala.

Amanenanso za mtunda. Kuchoka ku Lusaka kufika ku Kafue ndi makilomita pafupifupi 45, ndipo minibasi zimayenda kuyambira m'bandakucha mpaka usiku. Pali ana amene amadutsa pamsewu waukulu Loweruka akupita kokasangalala ku Siavonga kapena ku Livingstone, nyumba ya amayi awo ili chapafupi pomwepo, koma osapatuka. Chikumbumtima amachitontholetsa ndi foni: atumiza K300 pa Airtel Money kapena MTN, basi udindo watha. Ndalamayo ndi yofunika ndithu, komatu siona kuti amayi asiya kupita ku chigwirizano cha amayi, kuti diresi layamba kuwakulira, kuti mapiritsi a BP a mwezi watha akadali osatsegula. Pa foni kholo limangoti "tili bwino mwanawe, kaya inu kumeneko", chifukwa silifuna kumudetsa nkhawa mwana. Matenda a maganizo amawaona munthu amene wakhala pansi, wadya nawo, wagona usiku umodzi n'kumva mkuluyo akungotembenuka mpaka tambala kulira. Apa ofuna lamulo ali ndi umboni wochokera ku China komweko. Akatswiri Merril Silverstein, Zhen Cong ndi Shuzhuo Li, atafufuza okalamba a kumidzi ya m'chigawo cha Anhui, analemba mu 2006 kuti amene ankakhala ndi ana kapena zidzukulu anali ndi mtendere wa mumtima kuposa okhala okha, ndipo kukondana kwenikweni ndi ana kunkawathandiza kwambiri.

Amatinso tisadzinamize kuti boma lingalowe m'malo mwa banja. Chipatala chachikulu cha matenda a maganizo ndi Chainama ku Lusaka, chimene chinatsegulidwa mu 1962, ndipo madokotala a matendawa m'dziko muno ndi owerengeka. Nyumba zosungirako okalamba, monga Matero After Care ku Lusaka, Maramba ku Livingstone, Chibolya ku Mufulira ndi Mitanda ku Ndola, zimasunga anthu ochepa zedi. Ngakhale mzinda wolemera wa Shanghai unakonza zoti okalamba 90 pa 100 alionse azisamalidwa kunyumba, 7 azithandizidwa ndi a m'dera lawo, 3 okha ndiwo azipita kumalo osungirako okalamba. Singapore inaika lamulo lolola makolo kusumira ana mu 1995, India mu 2007. Cholinga, iwo amati, sikudzaza makhoti ayi, koma kupatsa amalume, azakhali ndi mkulu wa mpingo mawu amphamvu pokadzudzula mwana wotayirira, akuti zimene ukuchitazi n'zolakwa ngakhale pamaso pa boma.

Otsutsa lamulo sakana kuti mwana ali ndi udindo. Chimene amakana n'chakuti khoti lingapereke chinthu chimene wodwala maganizo akusowa. Taganizani za ulendo wobwera chifukwa cha chigamulo. Mwana walowa, wakhala pampando, akuyang'ana wotchi, ndipo onse awiri akudziwa kuti wamubweretsa ndi woweruza. Munthu wodwala maganizo amakhala kale ndi liwu mumtima lomuuza kuti ukungovutitsa anthu, palibe akukufuna. Ulendo wokakamiza umangolivomereza liwulo. Ku China komweko anthu anadandaula kuti lamulolo silinanene kuti kawirikawiri ndi kangati, ndipo silinaike chilango chomveka. Nanga kuno kwathu, ndi mayi uti wa ku Shikoswe amene angapite kukasumira mwana wobala yekha? Ambiri angalole kugona ndi njala kusiyana n'kumuchititsa manyazi. Ndipo matendawa pawokha amalanda mphamvu zodzukira pamphasa. Wosowa mphamvu zosamba angazipeze kuti zoyendera milandu? Lamulo lotere lingathandize okalamba olimba, odziwa kudzilankhulira, n'kuphonya odwala enieniwo.

Amafunsanso kuti mwana amene lamuloli likumuganizira ndi uti. Likuganiza za mwana wa malipiro a pamwezi, wa galimoto, wodutsa pamsewu waukulu uja. Alipo, koma m'makomo ambiri a ku Kafue thandizo limayenda chobwerera: nkhalamba ndiyo ikusunga ana. Mwana wa zaka 35 wopanda ntchito akadali m'chipinda chimene anakuliramo. Wina ukwati watha, wabwerera ndi ana atatu. Wina wapita ku Lusaka kukasaka maganyu, ana wawasiya kwa ambuya, ndipo miyezi ikutha osatumiza kalikonse. Chakudya cha onsewa chikuchokera pa lendi ya zipinda zakuseri, pa tomato ndi nsomba zouma zimene ambuya amagulitsa pamsika, pa kadimba ka m'mbali mwa mtsinje. Akatswiri ofufuza ku Anhui aja anapezanso chinthu chimene ofuna lamulo sachitchula, chakuti agogo olera zidzukulu ankakhala bwino makamaka chifukwa ana awo a kumizinda ankatumiza ndalama. Kulera zidzukulu popanda chothandizira ndi nkhani ina. Mayi wa zaka 70 amene amagona akuwerenga m'mutu kuti ufa watsala wa masiku angati sakudwala chifukwa chosowa alendo. Nyumba yake ndi yodzaza kale, chimene chikumudya ndi nkhawa. Nanga amene ana ake onse anatha m'zaka za Edzi, mankhwala aulere a ma ARV asanafike cha m'ma 2005, asumire yani? Ku China nakonso kuli makolo ambiri amene mwana wawo mmodzi yekhayo anamwalira, ndipo lamulo la maulendo silinawabweretsere aliyense pakhomo.

Pali mfundo ina yowawa imene sitikonda kuinena, yakuti nthawi zina banja lomwelo ndilo gwero la matenda. WHO imati munthu mmodzi mwa 6 alionse a zaka 60 kupita m'tsogolo amachitidwa nkhanza za mtundu wina, ndipo kawirikawiri wochita nkhanzayo ndi amene amayenera kumusamala. M'tauni ngati ino nkhondo zambiri zimabukira pa nyumba. Nyumba ija bambo anagula ndi thukuta la kufakitale ndiyo chuma chokha chimene banja lili nacho, ndipo ana ena amayamba kuiwerengera eni ake akadali moyo. Amawanyengerera kuti asaine mapepala, amakatengera ngongole pa nyumbayo, kapena amawasamutsira m'kachipinda kakuseri kuti nyumba yaikulu ichite lendi. Zikavuta, pamatuluka mawu oopsa aja a ufiti. Apa m'pamene matenda ndi mlandu zimakumana moipa kwambiri. Mayi wodwala maganizo sagona, amadzuka usiku n'kukhala panja, sasamba, amapewa anthu. Amene wayamba matenda oiwalaiwala amayankhula yekha, amatha kusochera m'bandakucha n'kupezeka pakhomo pa eni osadziwa kumene ali. Zimene namwino angazione kuti ndi zizindikiro za matenda, anansi amati ndi umboni. Mdzukulu akadwala kapena mwana akachotsedwa ntchito, chala chimaloza ambuya, ndipo woyamba kuloza nthawi zambiri amakhala wachibale. Lamulo loletsa kutchula munthu mfiti lilipo m'dziko muno kuyambira 1914. Latha zaka zoposa 100, koma okalamba akumenyedwabe ndi kuthamangitsidwa m'makomo mwawo. Ngati lamulo lomveka chotero likulephera kuteteza nkhalamba, la maulendo lidzatha bwanji? Ndipo mwana amene amatcha amayi ake mfiti, kodi tikufunadi khoti limulamule kuti azibwera pakhomo?

Ngakhale ana achikondi amatha kuphonya. Poona kuti amayi atsala okha, amawatenga kupita nawo ku Chalala kapena ku Kabulonga, kunyumba ya mpanda ndi geti. M'mawa onse amachoka, ana kusukulu, akulu kuntchito, mayi uja n'kutsala yekha ndi wailesi yakanema yolankhula chinenero chimene sachimva bwino. Wasiya mpingo wake, anzake a chilimba, kadimba kake, manda a mwamuna wake. Chakudya chilipo kuposa kale koma akuwonda, ndipo pakapita miyezi amayamba kupempha kuti "ndibwezeni kwathu". Pamaso pa lamulo ana amenewa akwaniritsa zonse. Tisaiwalenso kuti tikamati banja lisamale, amene amachapa, kusambitsa ndi kugona pansi kuchipatala ndi mwana wamkazi kapena mpongozi, amene naye amatha kudwala maganizo chifukwa cha kutopa.

Ine ndaima apa. Lamulo lokakamiza maulendo ndikulikana, chifukwa silingafike pa mtima wa wodwalayo ndipo nthawi zina lingamubweretsere womuzunza. Koma funso la chuma lija silinayankhidwe, ndipo pamenepo ndili kumbali ya ofuna lamulo. Kholo losowa, lomwe mwana wake ali ndi malipiro odziwika, liyenera kukhala ndi njira yophweka yopemphera thandizo la ndalama, kudzera ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kapena kukhoti laling'ono, ndipo dandaulolo lizitha kuperekedwa ndi munthu wina m'malo mwake. Mwana amene wapatsidwa nyumba polonjeza kusamala kholo, n'kulitaya, alandidwe nyumbayo. Lamulo la ku India la 2007 lili ndi ndime yotere. Kuwerenga ndalama ndi kubweza nyumba khoti lingathe, ndipo mphamvu zake zilekezere pomwepo.

Chimene chingachepetse matendawa kwenikweni, m'kuona kwanga, ndi kubwezera okalamba malo awo pakati pa anthu, ndipo chiyambi chake ndi ndalama yawoyawo. Pa zonse zimene China inachita, chotiphunzitsa kwambiri chinachitika mu 2009, pamene boma linayamba kupereka penshoni kwa okalamba a kumidzi, kuyambira pa ma yuan 55 okha pamwezi. Inali ndalama yochepa, koma akatswiri amene anafufuza zotsatira zake, monga Xi Chen wa ku yunivesite ya Yale ndi anzake mu 2019, anapeza kuti zizindikiro za kukhumudwa zinachepa mwa olandira. Chifukwa chake munthu wa kuno angachimvetse popanda kafukufuku. Nkhalamba yokhala ndi kandalama kake imagula sopo osapempha, imaponya chopereka m'mbale ya kutchalitchi, imapereka chipepeso pamaliro a mnansi, imagulira mdzukulu kope ndi pensulo. Imakhalabe munthu wopatsa. Kupempha mwana wako K20 ya kuchigayo n'kuyankhidwa kuti "zija ndinatumiza mwamaliza kale?" kumaswa mtima kuposa njala. Ndipo ubale womwewo umakoma kholo likasiya kuoneka ngati ngongole ya mwezi ndi mwezi. Pali ana ambiri amene sabwera chifukwa cha manyazi, poopa kufika chimanjamanja pakhomo pamene akudziwa kuti palibe ndiwo. Manyaziwo akachoka, mwana amayambanso kubwera popanda woweruza.

Zambia inaziyesa kale zimenezi. Ndalama zothandizira mabanja osauka zinayambira ku Kalomo mu 2003, ndipo mu 2007 m'madera ena a ku Katete anayesa kupereka penshoni kwa aliyense wa zaka 60 kupita m'tsogolo, osafunsa kuti ali ndi ana angati kapena denga lake ndi la malata. Lero thandizo la Social Cash Transfer lafika m'maboma onse, ndipo makomo a okalamba ali m'gulu la oyenera kulandira. Koma pamakhala kusankha, ndipo ndalamayo ndi ya khomo lonse. Wa ku Estates amene ali ndi nyumba ya njerwa angaoneke wopeza bwino pamaso pa olemba maina, chikhalirecho wadya kamodzi kuyambira dzulo. Bungwe la penshoni ya antchito la NAPSA linayamba mu 2000, ambiri a m'badwo uno atachotsedwa kale ntchito, ndipo amayi a pamsika ndi asodzi a mumtsinje wa Kafue ambiri sanalowemo. Ndondomeko ya dziko yokhudza okalamba ilipo kuyambira 2015. Chimene chatsala ndi kulimba mtima kopereka penshoni kwa nkhalamba iliyonse, m'dzina lake ndi m'manja mwake.

Matendawa afunsidwenso kumene okalamba amapita kale. Amafola pachipatala kukatenga mankhwala a BP ndi shuga, ndipo mafunso awiri kapena atatu okha, akuti mukugona bwanji, mukudya, pali chimene chikukusangalatsanibe, angatulukire odwala ambiri amene sangapite ku Chainama poopa kutchedwa amisala. Lamulo la 2019 la umoyo wa maganizo, limene linalowa m'malo mwa la nthawi ya atsamunda, likufuna kuti chithandizo chizipezeka pafupi ndi anthu. Anansi athu a ku Zimbabwe anasonyeza kuti sitiyenera kudikira madokotala ochuluka. Dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Mbare mumzinda wa Harare mu 2006. Anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa chipatala, kumvetsera munthu wovutika maganizo ndi kumuthandiza kumasula mavuto ake limodzilimodzi. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anapeza kuti patatha miyezi 6, mwa amene anathandizidwa pabenchi, pafupifupi 14 pa 100 ndiwo anali ndi zizindikiro za kukhumudwa, pamene mwa olandira chithandizo cha masiku onse anali 50 pa 100. Chimene chimandikhudza pa nkhaniyi n'chakuti ochiritsawo ndi okalamba. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ku Kafue kuli aphunzitsi opuma, anamwino opuma, akapitawo akale a m'mafakitale, amene akutha tsiku lonse pakhonde popanda wowafunsa nzeru. Aphungu ndi makhansala athu angathe kupatula gawo la ndalama zachitukuko cha m'madera za CDF kuti anthu amenewa aphunzitsidwe ndi kuikiridwa mabenchi pazipatala zazing'ono ndi pamatchalitchi, ndipo oyamba kupindula angakhale iwo eni, chifukwa m'mawa adzakhala ndi chodzukira.

Zonsezi sizikumasulani inu amene muli ku Lusaka, ku Solwezi kapena ku Johannesburg. Penshoni ndi benchi zingapepuze katundu, koma zoti mwana wawo amawakumbuka, amayi anu angazimve kwa inu nokha. Musadikire kuti mupeze ndalama ya thumba la ufa. Pitani chimanjamanja, mugone usiku umodzi. Onani ngati akudya, yang'anani botolo la mankhwala, tcherani khutu ngati akutchula imfa kawirikawiri. Auzeni vuto lanu lenileni, la kuntchito kapena la m'banja, ndipo muwafunse kuti mutani, chifukwa kufunsidwa nzeru kumadzutsa munthu wamkulu. Ngati muli kutali zedi, imbani tsiku lodziwika mlungu uliwonse, ndipo pezani mnansi kapena wa mumpingo mmodzi amene angamakuuzeni zoona. Mukaona kuti zizindikiro zija zapitirira milungu iwiri, aperekezeni kuchipatala ndipo muuze namwino momveka kuti mukuganiza kuti ndi matenda a maganizo.